Allegheny, mzinda umene unakana koma n'kumezedwabe

Kumadzulo kwa chigawo cha Pennsylvania ku America, pamene mitsinje ya Allegheny ndi Monongahela imakumana n'kubala mtsinje wa Ohio, pali mzinda wa Pittsburgh. Mlendo akawoloka mlatho kupita kumpoto kwa mtsinje wa Allegheny amauzidwa kuti wafika ku North Side, ndipo sangadziwe msanga kuti pamene waimapo panali mzinda wina. Komatu mpaka mu 1907 tsidya limenelo linali mzinda pawokha, dzina lake Allegheny, wokhala ndi meya wake, khonsolo yake, apolisi ake ndi msika wake. Pakalembera wa 1900 munali anthu pafupifupi 130,000, ndipo m'chigawo chonsecho unkaposedwa ndi Philadelphia ndi Pittsburgh basi. Anthu ake anafunsidwa ngati akufuna kulowa mu Pittsburgh. Anakana, koma analowetsedwabe. Mlandu umene anakasuma pambuyo pake ndi umene maloya a ku America amayambirapo mpaka lero akafunsidwa kuti mawu a anthu okhala pamalo amalemera bwanji pamaso pa lamulo, mzinda ukafuna kufutukula malire ake.

Kale dera la kumpoto kwa mtsinjewo linali m'manja mwa eni nthaka, mitundu ya Lenape, Shawnee ndi Seneca, imene inkasakako nyama. Ngakhale azungu atamanga linga pamene mitsinje ija imakumanirana, tsidya la kumpoto linkadziwikabe kuti lili ndi eni ake, ndipo mzungu wowolokerako ankadziputira yekha mavuto. Zinasintha nkhondo yomenyera ufulu wa America itatha. Boma la Pennsylvania linali litalipira asilikali ake ndalama zamapepala zimene zinatha mphamvu, ndiye linaganiza zowapepesa ndi malo. Pamapangano a 1784 ndi 1785 eni nthaka aja anakakamizika kulisiya dzikolo. Iwo sanachititsidwe chisankho chilichonse. Mwambo wofunsa anthu okhala pamalo unabwera mochedwa, oyamba kukhalapo atachoka kale.

Boma linapatula maekala 3,000 moyang'anizana ndi Pittsburgh, ndipo cha mu 1788 woyeza malo wina, David Redick, anajambula tauni pakati pake. Iye mwini malowo sanawakonde, ndipo lipoti lake linadandaula za zitunda ndi zigwa zimene sankaona kuti munthu angalimemo. Tauniyo anaijambula ya ngodya zinayi, pakati n'kusiyapo bwalo la msika ndi nyumba za boma. Kuzungulira tauni yonse anasiya maekala pafupifupi 100 oti aliyense wogula puloti azidyetserapo ng'ombe zake. Msipu umenewo unasandutsidwa paki m'zaka za m'ma 1860, ndipo ulipobe, umatchedwa Allegheny Commons.

Poyamba anthu ankawoloka pabwato. Mlatho woyamba unamangidwa cha mu 1819, kenako kunafika ngalande yoyendamo maboti a katundu kuchokera kum'mawa kwa chigawocho, ndipo tauniyo inayamba kudzaza. Mu 1828 inapatsidwa khonsolo yake, ndipo mu 1840 inakwezedwa kukhala mzinda, ili ndi anthu pafupifupi 10,000. Meya woyamba anali William Robinson, mwana wa mwini bwato lowolotsera anthu, amene nkhani za akuluakulu zimati ndiye mzungu woyamba kubadwira tsidya limenelo. Oyamba kuchuluka anali ochokera ku Scotland ndi kumpoto kwa Ireland, Apresibateriya okonda sukulu ndi tchalitchi. Pambuyo pawo panabwera Ajeremani ambirimbiri amene anamanga kum'mawa kwa tauni ndi m'zitunda, ndipo dera lawo limatchedwabe Deutschtown. Kenako kunafika a ku Croatia, a ku Bohemia, ndi anthu akuda ochokera kumwera. Ntchito inali m'mafakitale opota thonje, m'mofufutira zikopa, m'mofululira mowa ndi m'mosulira zitsulo. Mu 1848 banja lina losauka la ku Dunfermline ku Scotland linafikira m'mzindamo, ndipo mnyamata wawo, Andrew Carnegie, anayamba ntchito mufakitale ya thonje akulandira dola imodzi ndi masenti 20 pamlungu. Atalemera ndi zitsulo anamangira Allegheny laibulale imene inatsegulidwa mu 1890.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Allegheny sunali mzinda wochita manyazi ndi mnzake wa tsidya lija. Eni mafakitale a zitsulo ambiri ankagwira ntchito ku Pittsburgh koma n'kumagona ku Allegheny, m'nyumba zikuluzikulu za mumsewu wa Ridge Avenue. H. J. Heinz anamanga fakitale yake ya zakudya zam'mabotolo m'mphepete mwa mtsinje, mbali ya Allegheny. Ngakhale timu ya baseball yotchedwa Pittsburgh Pirates inkasewerera pabwalo la ku Allegheny. Dzina la mzindawu linafika ndi kwathu kuno mwa njira ina: Charles Taze Russell, amene gulu lake lophunzira Baibulo ndilo linadzabala Mboni za Yehova, anabadwira kumeneko mu 1852, ndipo likulu la Watch Tower linali ku Allegheny mpaka linasamukira ku Brooklyn mu 1909. Chiphunzitso chimene Elliot Kamwana ankabatiza nacho anthu masauzande kwa Atonga cha mu 1908 ndi 1909, atachilandira kudzera mwa Joseph Booth, chinachokera m'mabuku a kumeneko.

M'zaka zimenezo malire a mizinda ya ku America ankajambulidwa ndi nyumba ya malamulo ya chigawo chilichonse. Mzinda ukafuna kukula, akuluakulu ake ankapita kulikulu la chigawo, aphungu n'kukhazikitsa lamulo, ndipo anthu a m'matauni ozungulira ankangodzuka ali nzika za mzinda wina. Mu 1854 Philadelphia inakula kuchoka pa masikweya kilomita asanu okha kufika pa oposa 330 ndi lamulo limodzi, popanda kuvota. Si kuti nthawi zonse anthu ankanyansidwa nazo. Tauni yaing'ono sinkatha kukoka madzi a m'mipope, kukumba ngalande za zonyansa, kapena kugula zida zozimitsira moto, choncho kulowa mumzinda kunali kupeza thandizo. Mu 1889 matauni a Hyde Park, Lake, Lake View ndi Jefferson anavota okha kuti alowe mu Chicago. Nawo Allegheny sunali wosalakwa pankhaniyi, chifukwa mu 1867 unameza tauni ya Manchester imene inali kumadzulo kwake, ndipo unapitiriza kutolera tina ting'onoting'ono. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mphepo inayamba kutembenuka matauni a anthu olemera ataphunzira kudzipezera okha madzi ndi misewu. Mu 1873 anthu a ku Brookline anakana kulowa mu Boston, ndipo kukana kwawo kunamveka. Ku New York anthu anafunsidwa mu 1894, ngakhale kuti aphungu sanali omangidwa ndi zotsatira zake. Ku Brooklyn ovomera anaposa okana ndi mavoti 277 okha, ndipo mu 1898 mzindawo unalowa mu New York. Nawo oweruza anali osagwirizana. John F. Dillon wa ku Iowa anagamula mu 1868 kuti mzinda ndi chinthu chimene chigawo chinadzipangira, ndipo mphamvu zake zonse ndi zobwereka kwa aphungu, amene angathe kuzilanda tsiku lililonse. Thomas Cooley wa ku Michigan anatsutsa mu 1871, nati anthu a pamalo ali ndi ufulu wodzilamulira umene aphungu sanawapatse ndipo sangawalande. Maganizo awiriwa anakhala akukokana kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo nkhani ya Allegheny ndi imene inadzaonetsa kumene khoti lalikulu la dziko linaima.

Pittsburgh inayamba kalekale kufunsira Allegheny. Mu 1867 nkhani yophatikizana inaponyedwa kwa anthu, ndipo a tsidya la kumpoto anakana. Pittsburgh inatembenukira kwina: mu 1868 inatenga madera a kum'mawa, ndipo mu 1872 aphungu anaipatsa matauni a kumwera kwa Monongahela. Koma diso linali pa Allegheny. Masiku amenewo kalembera wa zaka khumi zilizonse anali ngati mpikisano wa mizinda. Amalonda ankakhulupirira kuti mabanki ndi eni mafakitale amatsata mzinda wa anthu ambiri, ndipo zinkawawawa kuona Pittsburgh, mzinda wosula zitsulo za dziko lonse, uli ndi anthu 321,616 okha mu 1900, kumbuyo kwa Cleveland ndi Buffalo. Mu 1905 aphungu anakhazikitsa lamulo lophatikiza mizinda iwiriyo, koma khoti lalikulu la Pennsylvania linalithetsa, chifukwa malamulo aakulu a chigawocho, a 1874, ankaletsa kupanga lamulo lolunjika pamalo amodzi.

Ofuna kuphatikizawo sanagwe ulesi. Bwanamkubwa Samuel Pennypacker anaitanitsa msonkhano wapadera wa aphungu, ndipo mu February 1906 lamulo lina linatuluka. Ili linalembedwa mosatchula dzina la mzinda uliwonse. Linkangonena za mizinda iwiri yoyandikana, yaing'ono kulowa mwa yaikulu, ngakhale kuti mwana aliyense ankadziwa mizinda imene ikunenedwa. Lamuloli silinawalande anthu chisankho. Linati pakhale referendamu, aliyense avote momasuka. Nzeru yonse inagona pakawerengedwe: mavoti a mizinda iwiriyo athiridwe m'dengu limodzi, ndipo mbali yochuluka pa onse pamodzi ndiyo ipambane. Popeza ovota a ku Pittsburgh anali ochuluka kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, yankho linadziwika anthu asanapite n'kovota komwe. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya malamulo a malire a mizinda, kuyambira nthawi imeneyo mpaka lero. Pafupifupi aliyense amavomera kuti anthu afunsidwe. Mkangano umakhala pa wolemba lamulo amene amasankha kuti anthuwo ndi ati, ndipo awerengedwe pamodzi kapena padera.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zomveka. Ofuna kuphatikiza, motsogozedwa ndi bungwe la amalonda ndi meya wa Pittsburgh, George W. Guthrie, ankati mizindayi ndi umodzi kale: anthu amagona uku n'kukagwira ntchito uko, utsi ndi womwewo, mtsinje ndi womwewo, ndipo matenda a tayifodi, amene ankapha anthu ambiri kumeneko chifukwa chomwa madzi a mumtsinje osasefa, sankafunsa kuti munthu amakhoma msonkho kuti. Ankalonjezanso kuti milatho imene anthu ankalipira powoloka idzakhala yaulere. Okana ankati Allegheny inakonza kale misewu yake, ili ndi magetsi ake ndi madzi ake, ndipo Pittsburgh ikufuna anthu oithandiza kusenza ngongole za ntchito zikuluzikulu zimene ikukonzekera. Pansi pa mfundo za ndalamazo panali china chosavuta kumva: munthu amene amadziwa khansala wake ndi dzina sankafuna kukhala mmodzi mwa anthu theka la miliyoni. Pa 12 June 1906 anthu anavota. Ku Allegheny okana anaposa 12,000, ovomera osakwana 7,000. Ku Pittsburgh ovomera anaposa 30,000. Ataphatikiza, ovomera anapambana ndi mavoti ochuluka zedi.

Nzika zina za Allegheny zinapita kukhoti, ndipo mlanduwo unatenga dzina la mmodzi wa iwo n'kutchedwa Hunter v. City of Pittsburgh. Anagonja m'makhoti onse a Pennsylvania, kenako anakafika kukhoti lalikulu la dziko lonse ku Washington. Kumeneko anapereka mfundo ziwiri. Yoyamba inali yakuti pakati pa mzinda ndi okhoma msonkho ake pali pangano lakuti ndalama zawo zizigwira ntchito za mzinda wawo wokha, ndipo malamulo aakulu a dziko amaletsa chigawo kuphwanya mapangano. Yachiwiri inali yakuti kuwasenzetsa misonkho ya mzinda wina, chifukwa cha mavoti a anthu a mzinda winawo, ndi kuwalanda chuma popanda chilungamo. Pa 18 November 1907 khotilo linakana zonse ziwiri, ndipo chigamulo chinalembedwa ndi woweruza William Moody. Pangano loterolo, iye anati, kulibe. Mzinda ndi nthambi chabe imene chigawo chimakhazikitsa kuti chiyendetse bwino ntchito zake. Chigawo chingathe kuukulitsa, kuuchepetsa, kuulumikiza ndi wina kapena kuuthetseratu, anthu ake avomere kapena asavomere, ngakhale akuchita kukana poyera. Moody anavomereza kuti anthu angavutike nazo ndipo katundu wawo angatsike mtengo chifukwa cha misonkho, koma anati malamulo aakulu a dziko sawateteza ku zimenezo, ndipo ngati aphungu agwiritsa ntchito mphamvuyo mopondereza, mlandu ndi wa aphunguwo. Maganizo a Dillon anapambana, a Cooley anagwa. Mu December chaka chomwecho Allegheny inatha, ndipo meya wake womaliza, Charles Kirschler, anakhala wachiwiri kwa meya wa Pittsburgh.

Tiyenera kuchimvetsa bwino chigamulochi, chifukwa ambiri amachinamizira. Khoti silinanene kuti anthu asamafunsidwe. Linangoti kufunsa kapena kusafunsa ndi nkhani ya chigawo chilichonse, ndipo n'chifukwa chake America ilibe lamulo limodzi pankhaniyi: zimene zili zololedwa ku Texas zingakhale zoletsedwa ku Pennsylvania. Pittsburgh inapeza chimene inkafuna, pakuti pakalembera wa 1910 inali ndi anthu 533,905 ndipo inakwera kufika pa nambala 8 m'dziko lonse. A tsidya la kumpoto anapezako zina mwa zimene analonjezedwa: patapita zaka zingapo milatho inakhala yaulere ndipo madzi osefa anawafika. Koma misewu yambiri inasinthidwa mayina kuti isafanane ndi ya ku Pittsburgh, ndipo dzina la mzinda linafufutika pamapu. Mabanja akale a kumeneko anapitiriza kuuza ana awo kuti kwawo ndi ku Allegheny, ndi kuti mzinda wawo unachita kubedwa.

Matauni ena ozungulira Pittsburgh anaona zimene zinachitikazo ndipo sanaiwale. Mu 1929 panabwera ganizo lokhazikitsa boma limodzi loyang'anira dera lonse la Allegheny County, matauni n'kusungabe makhonsolo awo. Ovota ambiri m'dera lonselo anavomera, koma ulendo uno kawerengedwe kanali katapendekera mbali ina: pankafunika kuti m'matauni oposa theka, ovomera akhale awiri mwa atatu alionse. Sizinakwane, ndipo ganizolo linafera pomwepo. Mu 1906 anthu ochepa anamizidwa ndi ambiri. Mu 1929 ochepa anatsekereza ambiri. Kuyambira m'ma 1930 malire a Pittsburgh sanasunthenso kwenikweni.

Kumwera kwa dzikolo zinthu zinayenda njira ina. Mu 1959 North Carolina inakhazikitsa lamulo lolola khonsolo ya mzinda kutenga dera loyandikana nalo popanda voti, bola deralo likhale lomangidwa ngati tauni ndipo mzinda uonetse ndondomeko yopititsako madzi, apolisi ndi zina. Mizinda ngati Charlotte ndi Raleigh inakula ndi lamulo limeneli. Texas nayo inapatsa mizinda yake mphamvu zofananako. Koma kumwera komweko ndi kumene kunaonekera kuti mphamvu imene Moody anapatsa zigawo ingakhale chida cha tsankho. Mu 1957 aphungu a ku Alabama anajambulanso malire a Tuskegee, tauni imene inali ya ngodya zinayi, n'kukhala ya mbali 28. Mwa anthu akuda pafupifupi 400 amene ankavota m'tauniyo munatsala anayi kapena asanu, pamene mzungu aliyense anatsala m'kati. Akuluakulu a tauniyo anadalira mlandu wa Hunter, koma mu 1960, pamlandu wa Gomillion v. Lightfoot, khoti lalikulu linati mphamvu ya chigawo pamalire a mizinda imathera pamene yayamba kulanda munthu voti chifukwa cha khungu lake.

Nthawi yomweyo tsidya la kumpoto kwa Pittsburgh linalandira nkhonya yachiwiri, imene okalamba a kumeneko amaikumbukira ndi mkwiyo woposa wa 1907. M'zaka za m'ma 1960 okonza mapulani a mzinda anagamula kuti pakatikati pa Allegheny wakale pakalamba. Nyumba mazanamazana zinagwetsedwa, pamodzi ndi msika waukulu umene unali mtima wa mzindawo, ndipo pamalopo panamangidwa Allegheny Center, chimpanda cha masitolo ndi maofesi chozunguliridwa ndi msewu, chimene chinadula misewu imene Redick anajambula. Masitolowo sanakhalitse. Pambuyo pake msewu waukulu wa magalimoto unang'amba Deutschtown pakati ndi kusamutsa mabanja ambiri. Laibulale ya Carnegie inapulumuka. Mizinda yambiri ya ku America inadzigwetsera yokha nyumba zake zakale m'zaka zimenezo, choncho sitinganene motsimikiza kuti Allegheny wodziimira akanasunga msika wake. Chimene chili choona n'chakuti chigamulocho chinapangidwa tsidya lina la mtsinje.

Mu 1968 Pennsylvania inalembanso malamulo ake aakulu, ndipo inaikamo mfundo imene anthu a ku Allegheny ankaipempha zaka 62 m'mbuyomo: kuphatikiza matauni kapena kusintha malire mwa referendamu kumafuna kuti ovota ambiri avomere m'tauni iliyonse payokha. Patangopita zaka ziwiri, ku Virginia kunabuka mlandu woonetsa mbali ina ya funso lomweli. Mu 1970 mzinda wa Richmond unatenga masikweya kilomita pafupifupi 60 a Chesterfield County, okhala ndi anthu pafupifupi 47,000, ambiri mwa iwo azungu. Anthu akuda, amene anali 52 pa 100 alionse mumzindamo, anatsika kufika pa 42. Apa odandaula sanali otengedwa okha ayi, komanso okhala kale mumzinda, amene voti yawo inasukuluka. Curtis Holt anasuma, zisankho za khonsolo zinaimitsidwa kwa zaka zingapo, ndipo mu 1975 khoti lalikulu linati kukulitsa malire koteroko kungaloledwe pokhapokha pali zifukwa zenizeni zoyendetsera mzinda ndiponso kavotedwe kakupatsa anthu akuda mipando yolingana ndi kuchuluka kwawo. Makhansala atayamba kusankhidwa m'mawodi, mu 1977 Richmond inakhala ndi meya woyamba wakuda, Henry Marsh.

Kumwera mphamvu ya mizinda yotenga madera popanda voti inakhalapo mpaka posachedwapa. Mu 1996 Houston inatenga Kingwood, dera la anthu opeza bwino, eni ake akukana kwamtuwagalu, ndipo mkwiyo wa kumeneko unayamba kusintha maganizo a aphungu a ku Texas. North Carolina inabweza lamulo lake mu 2011, n'kunena kuti eni malo 60 pa 100 alionse akasaina chikalata chokana, nkhani yatha. Khoti linaona vuto pamenepo, popeza anthu a lendi analibe mawu, ndipo mu 2012 aphungu anasintha kuti pazikhala referendamu ya ovota onse a m'dera lofunidwalo. Tennessee inatsatira mu 2014, ndipo Texas inatseka khomo ndi malamulo a 2017 ndi 2019. Lero m'zigawo zambiri munthu wokhala kunja kwa malire ali ndi mawu amene a ku Allegheny analibe.

Ine ndimaona kuti a ku Allegheny analakwiridwa, chifukwa kufunsa munthu funso utakonzeratu kuti yankho lake lisawerengedwe n'koipa kuposa kusamufunsa. Koma mankhwala ake nawo ali ndi ululu wake. David Rusk, amene anakhalapo meya wa Albuquerque, anaonetsa m'buku lake la 1993 kuti mizinda yotha kufutukuka imakhala ndi chuma chokhazikika kuposa yotsekeredwa, chifukwa opeza bwino akasamukira kunja kwa malire amapita ndi misonkho yawo, koma m'mawa uliwonse amabwerera kudzayenda pamisewu ya mzinda. Pittsburgh inali ndi anthu 676,806 mu 1950, ndipo mu 2020 inatsala ndi 302,971, itazunguliridwa ndi matauni ambirimbiri, pakuti Allegheny County ili ndi makhonsolo 130. Palinso anthu amene malamulo onsewa sawaona: ofuna kulowa koma mzinda sukuwafuna. Ku North Carolina, midzi ya anthu akuda ngati Jackson Hamlet inakhala zaka zambiri pamphepete pa Pinehurst, tauni ya mabwalo otchuka a gofu, malire akuilambalala, yopanda ngalande za zonyansa ndiponso yopanda voti pakhonsolo imene inkalamula za malo ozungulira. Lamulo limateteza bwino wokana kulowa kuposa wopempha kulowa.

Nkhaniyi inabwereranso ku Pittsburgh posachedwapa, itatembenuka. Kum'mawa kwa mzindawo kuli tauni ya Wilkinsburg, ya anthu pafupifupi 14,000, imene msonkho wake wa nyumba ndi wokwera kwambiri chifukwa okhoma anachepa. Ozimitsa moto a ku Pittsburgh ndi amene amathandiza kumeneko, ndipo ana ake a sekondale amaphunzira m'sukulu ya Pittsburgh. Mu 2021 bungwe lina la chitukuko m'tauniyo linatolera masiginecha opempha kulowa mu Pittsburgh, pogwiritsa ntchito lamulo lakale la 1903, limene linkafuna chilolezo cha khonsolo ya Pittsburgh ndi voti ya anthu a ku Wilkinsburg okha. M'tauniyo anthu anagawikana, ena akuwerengera msonkho umene ungatsike, ena akuopa kutaya khonsolo yawo. Kumayambiriro kwa 2022 makhansala a Pittsburgh, mzinda umene kale unkathamangitsa anansi ake mpaka ku Washington, anavota kukana, ponena kuti nkhaniyo ikufunika kuifufuza kaye. Pempho lachiwiri litaperekedwa, makhoti anagamula kuti lamulo la 1903 linatha mphamvu. Njira imene yatsala ndi ya malamulo a 1968: Wilkinsburg ivote payokha, Pittsburgh ivote payokha, ndipo mbali imodzi ikakana, malire akhale pomwe ali.